Kujambula n'kulosera: wopambana si mmisiri ayi

Inu a geni, amene tsiku lonse mumakhala pa benchi kudikira kasitomala, mwina mwawaonako masewera amene achinyamata akuwakonda m'mapate ndi m'makonde a magolosale. Wina amanong'onezedwa mawu, iye n'kujambula papepala kapena pansi ndi kamtengo, anzake a gulu lake n'kumalosera kuti n'chiyani. Kuyankhula ayi, kulemba zilembo kapena manambala ayi. Mphindi imodzi ikatha, mwaluza.

Azungu amawatcha Pictionary. Anawayambitsa ndi Robert Angel wa ku Seattle m'dziko la America mu 1985, ndipo mu 2001 kampani ya Mattel inawagula. Koma kwa ife si zachilendo kwenikweni. Tinakula ndi "Ndagi!" "Gize!" pa moto madzulo. Kusiyana kwake n'kwakuti pa ndagi umabisa yankho, pamene apa ukufuna mnzako alipeze msanga.

Ine ndimaonerera masewerawa kuno ku Nkhamenya, pa msewu wa M1 pakati pa Kasungu ndi Jenda, ndipo chimene ndaona n'chakuti odziwa kujambula bwino ndi amene amaluza. Amataya nthawi kukongoletsa nthenga za nkhuku mpaka mphindi kutha. Wochenjera amajambula lipombo basi, anzake akuwa kale kuti "tambala!"

Akuluakulu akukumbukira referendamu ya pa 14 June 1993. Ambiri amene sankatha kuwerenga anavota poona chithunzi: nyali kwa ofuna zipani zambiri, tambala wakuda kwa ofuna chipani chimodzi. Chithunzi chabwino n'chimene munthu amachizindikira asanaphethire.

Choncho yambani ndi chinthu chimene chimasiyanitsa. Mukauzidwa kuti "fodya", musalimbane ndi tsamba, chifukwa ena adzati mpiru, ena tanaposi. Jambulani chigafa, masamba akulendewera, kapena belo pa lole yopita ku okushoni ku Chinkhoma. Mwana aliyense wa kuno azindikira. Chinangwanso jambulani mizu yake, poti tsamba lake likajambulidwa mothamanga anyamata amakuwa dzina la fodya wamkulu uja, apolisi ali pafupi!

Chachiwiri, Chichewa chathu chili ndi mawu a matanthauzo awiri. Kodi "mtengo wa feteleza" mungaujambule bwanji? Jambulani mtengo wa m'tchire, pambali pake thumba. Mnzanu akangoti "mtengo", gwedezani mutu, pitani pa thumba. Mawu aatali muziwadula chonchi, chidutswa chimodzi chimodzi, ngati mmene mumagulitsira sopo wa mtanda.

Chachitatu n'cha olosera. Musakhale duu kudikira chithunzi chithe. Tchulani chilichonse chimene chabwera m'mutu, mokweza. Mawu anu olakwawo ndi amene amamuuza wojambula kuti awonjezere pati. Nayenso akaona kuti mwasochera, afufute ayambe njira ina m'malo mokanda mzere womwewo kakhumi.

Sankhaninso mnzanu mwanzeru. Amayi awiri ogulitsa tomato moyandikana zaka zisanu amagonjetsa aphunzitsi awiri osadziwana, chifukwa wina akangojambula kamulu mnzake wadziwa kale.

Pali nkhani ina imene imayambanitsa anthu kuno kumalire a Achewa ndi Atumbuka. Wina wakuwa kuti "hona", pepala lalembedwa "fodya". Wina wati "vingoma", yankho ndi "chimanga". Eti wapambana kapena ayi? Gwirizanani masewera asanayambe kuti zinenero zonse ziwiri zilandiridwa, ndipo pakhale munthu mmodzi wosakondera wogwira wotchi.

Koma chimene chandilembetsa nkhaniyi ndi ndalama. Nyengo yogulitsa fodya ikafika, ena amayamba kubetcherana pa masewerawa. Apa m'pamene pamalowa akathyali. Amapanganiratu zizindikiro: kukanda khutu ndiye nyama, kutsokomola ndiye chakudya. Inu mumangoona ngati anzeru, osadziwa kuti mukudyedwa masuku pamutu. Ena amagwirizana ndi wonong'oneza mawu kuti inu azikupatsani zovuta ngati "ngongole", iwo "njinga".

Mukaona gulu likupeza yankho mzere woyamba usanathe, kawiri katatu, bwezani ndalama m'thumba. Mawu azilembedwa ndi onse, aponyedwe m'chipewa, aliyense atole yekha. Ndipo ngati pafunika chobetcherana, chikhale botolo la Fanta kapena mandasi awiri. Mpamba wa geni ndi wokaodera katundu mawa m'mawa, si wa pa juga.