Kodi dzina lakuti hypotenuse linachokera kuti?

Funso: Ana a ku sekondale amangoloweza mawu akuti hypotenuse. Kodi ali ndi tanthauzo lomveka?

Yankho: Ali nalo, ndipo n'zachisoni kuti ambiri amamaliza sukulu asanalimve. Gwero lake ndi mawu a Chigiriki chakale, hypoteinousa. Muli zigawo ziwiri: hypo, kutanthauza pansi, ndi mneni teinein, kukunga chingwe kapena uta. Choncho ndi mbali yokungika pansi.

Funso: Pansi pa chiyani?

Yankho: Pansi pa ngodya ya madigiri 90. Jambulani thirayango, ngodya imeneyi ikhale kumwamba. Muona mbali yaitali kuposa zonse itagona m'munsi, yokungika kuchokera uku kufika uko.

Kwa Euclid, amene analemba buku la Elements ku Alexandria cha m'ma 300 Yesu asanabadwe, mawuwa sanali dzina konse. Anali ongofotokoza, ndipo mbali iliyonse yoyang'anizana ndi ngodya iliyonse ankaifotokoza ndi mneni womwewu. Pa mfundo ya 47 ya gawo loyamba, imene lero imatchedwa lamulo la Pythagoras, iye anachita kutchula kuti akunena mbali yokungika pansi pa ngodya ya madigiri 90. Mathero akuti ousa nawonso ali ndi chifukwa. Mayina a Chigiriki ali m'magulu, ndipo pleura, mbali, ndi dzina la gulu lachikazi, motero mfotokozi anatsata gulu lake, monga ife timanenera mbali yaitali koma chingwe chachitali. M'kupita kwa nthawi pleura anasiyidwa, mfotokozi n'kutsala yekha ngati dzina.

Funso: Nanga Chilatini chikulowa pati?

Yankho: Chinalandira mawuwa m'njira ziwiri. Ena anangowabwereka n'kulemba hypotenusa, ndipo ndi amenewa anafika m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1500. Ena anamasulira chigawo ndi chigawo: sub, pansi, ndi tendere, kukunga. Apa ndi pamene panachokera subtend, mawu amene ophunzira amakumana nawo pa ngodya za m'bwalo lozungulira, osadziwa kuti ndi mapasa a hypotenuse. Teinein ndi tendere ndi ana a kholo limodzi, ndipo tent ndi tension ndi a banja lomweli.

Funso: Mabuku ena akale amalemba hypothenuse. Olondola ndi ati?

Yankho: Chilembo cha h chachiwiricho chinalowa molakwika. Chimafananitsa mawuwa ndi hypothesis, amene mneni wake ndi tithenai, kuika. Teinein alibe h.