Rimoti Ikasiya Kuyankha, Musathamangire Kudula Mawaya

Sabata silitha osalandira foni yotere: "Achimwene, galimoto yakana kutseguka, alamu ikungokuwa. Bwerani mudzangoidula." Ntchito yanga ndi yokonza magetsi a galimoto, ndipo mawu akuti "mudzangoidula" amandiwawa, chifukwa mawaya ambiri amene ndimalumikizanso anadulidwa pa vuto la kabatire kochepa ngati khobidi.

Mu kiyi wanuyo muli zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale zili m'chikombole chimodzi. China ndi rimoti, kawailesi kotumiza uthenga wotsegula ndi kutseka zitseko. Imeneyi imadya batire la 3V, ndipo nambala yake yalembedwa pabatirepo: CR2032, CR2025 kapena CR1632. Manambalawo ndi muyeso. CR2032 ndi mamilimita 20 m'lifupi, 3.2 kuchindikala kwake. Mukaika lopyapyala m'malo mwa lochindikala, limagwedera m'kati, rimoti n'kumagwira lero, mawa ayi. Batire silifa mwadzidzidzi. Limayamba ndi kukuchepetserani mtunda: kale munkatsegula muli pakhonde, pano mpaka mufike pachitseko.

Chinacho ndi kachipangizo kotchedwa chip, kamene kamauza galimoto kuti kiyiyu ndi mwini wake. Aka sikafuna batire. Kamalandira mphamvu kuchokera ku koyilo ili pomwe mumapisa kiyi, kapena kuseri kwa batani lolizira injini. Choncho batire la rimoti likatha, simunasowe mtengo wogwira. Sololani kakiyi kachitsulo kobisika m'rimotimo, tsegulani chitseko, pondani buleki, gunditsani rimotiyo pa batanilo, kenako dinani. Pa ma Toyota ndi ma Nissan ambiri injini imalira. Amayi ena anagona kwa abale awo usiku wonse atasiya galimoto kutauni, pomwe njira yobwerera kwawo inali m'manja mwawo momwemo. Zimenezi ogulitsa galimoto akanamawauza anthu tsiku lopereka makiyi.

Mwasintha batire koma zii? Yesani kiyi wapadera. Akagwira, vuto lili mu rimoti yoyambayo: madzi analowa, kapena kabatani kanathothoka itagwa. Onse awiri akakana, yang'anani galimotoyo. Batire lake lodzaza bwino limaonetsa 12.6V injini ili yozima. Likatsikira pansi pa 12V, kapena mitu yake ikachita dzimbiri loyera lija, alamu imasokonezeka. Kenako onani fyuzi. Nthawi zina ndi malo chabe: pafupi ndi nsanja zoulutsira mawu uthenga wa rimoti umamira, ndipo mukasuntha pang'ono zonse zimabwerera m'chimake.

Musalole ana kuseweretsa rimoti. Mukadina, nambala yachinsinsi imasintha, ndipo galimoto imayembekezera nambala zotsatira zowerengeka chabe. Ikadinidwa kambirimbiri kutali ndi galimoto, ziwirizi zimataya mgwirizano, ndiye pamafunika kuzidziwitsanso.

Apa ndipamene anthu amataya ndalama zambiri. Magalimoto athu ochuluka ndi ochokera ku Japan, ndipo marimoti ake amalankhula pa 315 MHz kapena pafupi pamenepo. A ku South Africa ndi ku Ulaya amalankhula pa 433 MHz. Mwana wanu ali ku Joni akhoza kukutumizirani rimoti yofanana ndendende ndi yanu, ya Toyota yeniyeni, koma galimoto siimva ngakhale pang'ono. Musanagule, tsegulani yakaleyo muwerenge nambala zake.

Nanga alamu yolira yokha pakati pa usiku, makamaka m'dzinja? Kawirikawiri ndi kaswitchi ka pansi pa boneti kapena ka pachitseko kamene kalowa madzi, n'kumanamiza alamu kuti wina watsegula. Kukapukuta kapena kukasintha ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Chimene ndimakanira kudula ndi ichi. Alamu yoikitsa kuno imalumikizidwa pakati pa waya wa sitata kapena wa pampu ya mafuta. Woikayo anadula waya wa galimoto n'kupisa nsonga zonse ziwiri m'kabokosi ka alamu. Mukazula kabokosiko osalumikiza nsongazo, phokoso litha, koma injini siidzaliranso. Ma alamu ambiri otere ali ndi kabatani kobisika pansi pa chiwongolero kowazimitsira. Tsiku loikitsa, funsani kuti, "Bwana, kabatani kaja mwakaika pati?" ndipo musachoke pagalajapo asanakugwiritseni ndi chala chanu.