Mphoto idaperekedwa ku America, mbewu yake idadzalidwa ku Kampala

M'chaka cha 1954, amayi ena a m'midzi yozungulira mzinda wa Kampala ku Uganda adazolowera kulandira mlendo wovuta kumumvetsa. Adali mayi wachizungu wa zaka 40, ndipo sadali namwino kapena mmishonale. Ankafika masana, nthawi imene amayi achiganda ankakonda kuchezera alendo m'nyumba zawo, n'kukhala pansi pamodzi ndi womasulira wake, maso ali pa khanda. Maola awiri akakwana ankatsazika. Pakatha masabata awiri, uyo watulukiranso.

Dzina lake lidali Mary Ainsworth. Adayendera mabanja 26 mwanjira imeneyi, ena mwa iwo mpaka miyezi 9, ndipo ankalemba tinthu tomwe aliyense wolera mwana amationa tsiku ndi tsiku koma osatiwerengera: mwana walira nthawi yanji, watonthola atanyamulidwa ndi ndani, wakwawira kuti mayi ake atatuluka panja. Zaka 35 pambuyo pake, mu 1989, bungwe la American Psychological Association lidamupatsa mphoto yake yolemekeza anthu omwe achita zazikulu pa sayansi ya maganizo ndi khalidwe la munthu. Adailandira pamodzi ndi dokotala wa ku Britain, John Bowlby.

Kulemera kwa mphotoyi kumamveka bwino munthu akadziwa kuti mphoto ya Nobel ilibe gawo la psychology. Akatswiri a maphunzirowa omwe adaipezapo adalowera pakhomo la eni ake. Herbert Simon mu 1978 ndi Daniel Kahneman mu 2002 adailandira ngati akatswiri a zachuma, ndipo Amos Tversky, mnzake wa Kahneman yemwe ankalimira naye munda umodzi, adaiphonya chifukwa adamwalira mu 1996 pomwe Nobel sapereka kwa akufa. Choncho kwa anthu a ntchitoyi, ulemu wochokera kwa anzawo enieni ndi umenewu. Bungwe la American Psychological Association lidakhazikitsidwa mu 1892, koma mphotoyi idayamba mu 1956, ndipo oyamba kuilandira adali Wolfgang Köhler, Carl Rogers ndi Kenneth Spence. B. F. Skinner adatsatira mu 1958, Jean Piaget wa ku Switzerland mu 1969, Kahneman ndi Tversky mu 1982. Padatha zaka khumi mzimayi asadaitanidwepo kutsogolo. Woyamba adali Nancy Bayley mu 1966.

Ainsworth adafika ku Uganda chifukwa cha ukwati. Adabadwira ku Ohio mu 1913, n'kukulira ku Canada komwe adatenga digiri yake ya udokotala pa yunivesite ya Toronto mu 1939. Nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse adalowa usilikali mpaka kufika pa udindo wa meja. Mu 1950 adapita ku London kutsatira mwamuna wake Leonard yemwe ankamaliza maphunziro, ndipo kumeneko adaona m'nyuzipepala kuti pa chipatala cha Tavistock akufuna munthu wothandiza pa kafukufuku wa ana olekanitsidwa ndi amayi awo. Wofuna munthuyo adali Bowlby. Leonard atapeza ntchito ku East African Institute of Social Research ku Kampala, Mary adalongedzanso katundu.

Masiku amenewo akatswiri ambiri ankaphunzitsa kuti khanda limakonda mayi ake chifukwa cha bere basi: amene akukudyetsa ndiye umamukakamira. Bowlby ankatsutsa. Iye ankati mwana amabadwa ali kale ndi chibadwa chofuna kukhala pafupi ndi munthu womuteteza, monga momwe anapiye a tsekwe amalondolera make, ndipo njala ya chitetezoyi ndi yosiyana ndi njala ya m'mimba. Ainsworth adachoka ku London asadakhutire ndi maganizowa. Chimene ankafuna kukaona ku Uganda chidali china: adamva kuti Aganda akafuna kuletsa mwana kuyamwa amamutumiza kwa agogo ake kuti akaiwale bere, ndiye ankafuna kuona momwe mwana amachitira akalekanitsidwa chotero. Atafika adapeza kuti mwambowo mabanja ambiri adali atausiya. Wina akadagwa mphwayi. Iye adangosintha funso n'kuyamba kuyang'ana moyo wamba wa mayi ndi mwana.

Apa mpamene padagona nkhani. Adaona kuti khanda likayamba kukwawa silichoka pa mayi ake kamodzin'kamodzi. Limapita pang'ono, kukagwira ichi ndi icho, kenaka n'kucheuka kuona ngati mayi akadalipo. Nthawi zina limabwerera, kudzagwira mwendo wa mayiwo, n'kunyamukanso ulendo. Mayi akangodzuka kutuluka, masewera onse amathera pomwepo. Ainsworth adazindikira kuti mayi ali ngati pamudzi pomwe mwana amanyamukira ndi kubwererapo, ndipo mwana amene amakhulupirira kuti pamudzipo sipachoka ndi amene amalimba mtima kupita patali. Adagawa anawo m'magulu atatu: okhazikika mtima omwe sankalira kawirikawiri mayi ali pafupi, osakhazikika omwe ankalira ngakhale ali m'manja mwa mayi awo, ndi ena omwe adali asadayambe kusiyanitsa mayi ndi anthu ena. Adaonanso kuti amayi omwe ankatha kufotokoza mwatsatanetsatane za khalidwe la mwana wawo, kusonyeza kuti amamutchera khutu, ndiwo kawirikawiri adali ndi ana okhazikika mtima.

Wowerenga wa ku Dedza kapena ku Katete atha kuseka n'kunena kuti zimenezi agogo ake ankazidziwa kalekale osapita ku yunivesite. Sakunama. Kusiyana kwake n'kwakuti agogo sadalembe tsiku ndi ola, ndipo akatswiri a ku London ndi ku New York sakadawamvera.

Ku America umboni wina udachokera kwa Harry Harlow wa pa yunivesite ya Wisconsin, yemwe ankalanda ana a apusi kwa amayi awo n'kuwapatsa zidole ziwiri, china cha waya chokhala ndi botolo la mkaka, china chokutidwa ndi nsalu yofewa. Tiapusito tinkapita ku waya kukayamwa kokha, tsiku lonse n'kukhala titakakamira nsalu. Harlow adalandira mphoto ija mu 1960, patangopita zaka ziwiri atalengeza zotsatirazi, ngakhale kuti lero ambiri amaona kafukufuku wake ngati nkhanza kwa nyama. Ntchito ya Ainsworth idayenda pang'onopang'ono. Banja lake lidatha mu 1960, ndipo buku lake la Infancy in Uganda lidatuluka mu 1967, zaka 12 atachoka ku Kampala.

Pa nthawiyo n'kuti ali ku yunivesite ya Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore, komwe adabwereza zomwe adachita ku Uganda pa mabanja enanso 26. Banja lililonse lidayenderedwa ka 18 m'chaka choyamba cha mwana, maola 4 ulendo uliwonse. Adapeza kuti ana a ku Baltimore ndi a ku Kampala amachita zofanana, kupatula tina n'tina ta chikhalidwe. Mayi akabwerera, mwana wachiganda ankamulonjera poomba m'manja, pomwe wachimereka ankakumbatira ndi kupsompsona. Koma padali vuto limodzi. Ana a ku Baltimore adazolowera kuona amayi awo akutuluka ndi kulowa m'zipinda, ndiye kunyumba sankatekeseka kwenikweni. Kuti aone zomwe zili mumtima mwawo, Ainsworth adakonza kachiyeso ka mphindi pafupifupi 20 komwe kadamutchukitsa, kotchedwa Strange Situation.

Kamayenda chonchi. Mayi ndi mwana wa chaka chimodzi amalowa m'chipinda chomwe sachidziwa, momwe muli zidole. Pakapita mphindi zitatu mlendo amalowa. Mayi amatuluka, ndipo akabwerera mlendo amachoka. Mayi amatulukanso, ulendo uno mwana n'kutsala yekhayekha, kenaka mlendo amalowanso, ndipo pomaliza mayi amabwerera. Ofufuza amaonera kuseri kwa galasi. Chomwe amayang'ana kwambiri ndi mphindi imene chitseko chatseguka mayi n'kulowa. Mwana wina amathamangira mayi, kutonthola, n'kubwerera ku zidole. Wina amayang'ana kumbali ngati sadaone kanthu. Wina amafuna kunyamulidwa, koma akanyamulidwa amapalapata n'kumakankha. Mu 1986 Mary Main, yemwe adali wophunzira wa Ainsworth, pamodzi ndi Judith Solomon adawonjezera gulu lachinayi la ana omwe amasokonezeka osadziwa kolowera.

Kachiyesoka kadafalikira maiko ambiri, ndipo ineyo ndimaona kuti m'kufalikiramo mudatayika kanthu. Mphindi 20 m'chipinda cha galasi n'zotsika mtengo kusiyana ndi maola 72 m'nyumba ya munthu, ndiye ofufuza ambiri adatola chachidulecho n'kusiya kuyendera makomo. Mavuto sadachedwe. Kumpoto kwa Germany ana ambiri adaoneka ngati osalabadira amayi awo, pomwe ku Japan ambiri ankalira osatonthozeka, chifukwa mwana wa kumeneko sankasiyidwa yekha chisawawa. Heidi Keller, yemwe wafufuza kwa zaka zambiri pakati pa anthu a mtundu wa Nso ku Cameroon, wakhala akufunsa ngati muyeso womangidwa pa mayi mmodzi ndi mwana mmodzi ungagwire ntchito kumene khanda limachoka kumsana kwa mayi kupita kwa agogo, kwa azakhali, kwa mlongo wake wa zaka 8, dzuwa lisadafike pamutu. Funsoli ndi lathunso, ife omwe tidakulira m'mbereko zingapo. Mu 2008 Jeffrey Arnett adawerengera anthu omwe amafufuzidwa m'magazini akuluakulu a psychology, ndipo zidapezeka kuti 96 mwa 100 alionse ndi ochokera kumaiko olemera a azungu, komwe pa nthawiyo kunkakhala anthu 12 okha mwa 100 alionse a padziko lapansi. N'zodabwitsa kuti sayansi yotereyi imodzi mwa mizati yake idadulidwa m'midzi ya mu Africa, kenaka omanga ambiri n'kuiwala njira yobwerera kunkhalangoko.

Mphoto ya 1989 idafika mochedwa. Bowlby adamwalira mu Seputembala 1990 pachilumba cha Skye ku Scotland, ndipo nkhani yomwe awiriwa adalembera limodzi chifukwa cha ulemuwo idasindikizidwa mu 1991 iye atapita kale. Ainsworth adamwalira mu 1999 ku Charlottesville m'chigawo cha Virginia. Ana akeake sadakhale nawo. Mphotoyo ili ndi maina awiri, ndipo pa mndandanda wa oilandira palibe malo a womasulira uja kapena a amayi 26 omwe ankasiya ntchito zawo masana kuti mlendo aone ana awo akukwawa. Makanda amenewo, omwe alipobe, tsopano ndi agogo a zaka za m'ma 70.