Bambo Damien wa ku Molokai: Kutsata Khristu Pakati pa Odwala Khate

 

Matenda akaloŵa m'nyumba ya Mkhristu, pamabuka mafunso amene anthu amaopa kuwafunsa mokweza. Wodwalayo amadzifunsa ngati Mulungu wamutaya. Wodwazika naye, akatopa ndi kuchapa nsanza ndi kuchezera usiku, amadzifunsa ngati kutopa kwakeko kuli tchimo. Madzulo ano ndafuna kuti mafunso ameneŵa tiwayang'ane kudzera m'moyo wa munthu mmodzi amene adakhalapo mbali zonse ziŵiri: poyamba adali wodwazika, pambuyo pake adali wodwala. Munthuyo ndi Bambo Damien, wansembe wa Mpingo wa Katolika wochokera ku Belgium.

Tiyambe ndi malo. Pakati pa nyanja yaikulu ya Pacific pali zilumba za Hawaii, ndipo chimodzi mwa izo ndi Molokai. Kumpoto kwa chilumbachi kuli kadziko kotchedwa Kalaupapa, kamene kadazingidwa ndi nyanja mbali zitatu, ndipo mbali yachinayi kuli maphompho aatali mamita 500 ndi kupitirira. M'chaka cha 1865, pa nthaŵi ya Mfumu Kamehameha V, boma la Hawaii lidakhazikitsa lamulo lakuti aliyense wopezeka ndi khate apatulidwe. Mu Januwale 1866 gulu loyamba la odwala lidatsitsidwa pa malo otchedwa Kalawao, kum'maŵa kwa kadzikoko. Boma linkaganiza kuti anthuwo azilima ndi kudzidyetsa okha, kuiŵala kuti munthu wothothoka zala sangagwire khasu. Kuyambira chaka chimenecho kufikira 1969 pamene lamuloli lidathetsedwa, anthu pafupifupi 8,000 adatumizidwa kumeneko, ndipo ambiri a iwo sadaonenso kwawo.

Damien adabadwa pa 3 Januwale 1840 m'mudzi wa Tremelo, ndipo dzina lake lobadwa nalo lidali Jozef De Veuster. Adali mwana wa mlimi, wozoloŵera ntchito ya manja. Ulendo wa ku Hawaii sudali wake. Amene adasankhidwa adali mkulu wake, Pamphile, koma iyeyu adadwala ulendo uli pafupi, ndipo mng'onoyo adapempha kuti apite m'malo mwake. Adafika ku Honolulu mu Malichi 1864, nadzozedwa unsembe mu Meyi chaka chomwecho. Patapita zaka zisanu ndi zinayi, Episkopi Louis Maigret adafuna ansembe oti azikatumikira ku Molokai mosinthana. Anayi adadzipereka. Damien ndiye adayamba, nafika pa 10 Meyi 1873, ndipo atangoona m'mene zinthu zidaliri adapempha kuti asasinthidwe.

Pano ndiyenera kunena chinthu chimene ofotokoza mbiriyi kaŵirikaŵiri amadumpha. Damien sadapeze malo opanda Akhristu. Odwala a mpingo wa Chiprotestanti adali atayambitsa kale mpingo wawo wotchedwa Siloama m'chaka chomwe chija cha 1866. Padalinso anthu alunga amene m'chinenero cha kumeneko ankatchedwa kokua, ndiye kuti othandiza: amuna, akazi ndi abale amene adasankha okha kutsagana ndi wodwala wawo. Mmodzi wa iwo adali Jonathan Napela, mtsogoleri wa mpingo wa Mormon, amene adatsatira mkazi wake mu 1873. Iyeyu adagwirizana kwambiri ndi Damien ngakhale adali a mipingo yosiyana, ndipo naye adatenga nthendayo, namwalira mu 1879. Maina a okokua ambiri sadamveke kunja, monga momwe samvekera maina a amayi amene amagona pansi m'mawodi a zipatala zathu, pafupi ndi bedi la wodwala wawo.

Nanga Damien ankachita chiyani tsiku ndi tsiku? Masiku oyamba ankagona pansi pa mtengo pafupi ndi katchalitchi ka St Philomena, pakuti adalibe nyumba. M'maŵa ankachita Misa. Akatero ankatenga nkhwangwa, sowo ndi nyundo. Adamanga nyumba za matabwa pamodzi ndi odwala amene adali ndi mphamvu, adathandiza kukonza za mipope yobweretsa madzi, adakuza tchalitchi, adasonkhanitsa ana amasiye. Ankatsuka ndi kumanga zilonda. Munthu akamwalira ankakhoma bokosi, ndipo nthaŵi zambiri ankakumba nawo manda, ntchito imene kuno kwathu ndi ya adzukulu. Fungo la zilonda m'timanyumba tija lidali loopsa kotero kuti adayamba kusuta kaliwo kuti athe kupirira. Ankalembanso makalata osatha ku boma, kupempha matabwa, zovala ndi chakudya, mpaka akuluakulu ena adatopa naye.

Mwaona kuti m'ndandanda umenewu mulibe chozizwitsa chilichonse. Palibe amene adachira khate chifukwa Damien wamusanjika manja. Ndikukhulupirira kuti apa ndi pamene ambiri a ife timasokera. Timaganiza kuti kutsata Khristu kumaoneka pa tsiku la msonkhano waukulu, pomwe moyo wa wophunzira wa Yesu uli wodzala ndi masiku wamba: Lolemba la kutunga madzi, Lachiŵiri la kuphika phala, Lachitatu la kutembenuza gogo kuti asatuluke zilonda kumsana. Ndili ku sukulu ya uphunzitsi, tinkauzidwa kuti mwana amaphunzira zambiri poona zimene mphunzitsi amachita tsiku lililonse kusiyana ndi zimene amalemba pa bolodi. Anthu a ku Kalawao adamukhulupirira Damien chifukwa ankadya nawo m'mbale imodzi, ndipo sankanyansidwa poloŵa m'nyumba zawo.

Kukhudza wakhate kudali chinthu chachikulu chifukwa cha mbiri yaitali. M'buku la Levitiko mutu 13 muli malamulo akuti munthu wa nthenda yoopsa ya pakhungu akhale kunja kwa msasa. Akatswiri a Baibulo amatiuza kuti mawu a Chihebri amene ali pamenepo ankaphatikiza nthenda zingapo za pakhungu, osati khate lokha limene madokotala amalidziŵa lero. Komabe kwa zaka mazana ambiri anthu adatenga malamulowo ngati umboni wakuti wakhate ndi wotembereredwa. Koma m'mutu woyamba wa Marko timaŵerenga kuti Yesu, atafikiridwa ndi munthu wakhate, adatambasula dzanja namukhudza, ngakhale akadatha kumuchiza ndi mawu okha. Damien adatsata kukhudzako.

Anthu ambiri amasimba kuti iye adayamba kudziŵerengera m'gulu la akhate polalikira atadziŵa kuti wadwala. Zoona zake n'zakuti m'kalata imene adalembera mkulu wake m'chaka chomwe adafika, 1873, adanena kale kuti polalikira amati ife akhate. Thupi lake lidali lisanadwale, koma iye adali atasankha kale mbali.

Tisaganize kuti zonsezi zidali zopepuka kwa iye. Chimene chidamuŵaŵa kwambiri, kuposa fungo ndi kutopa, chidali kusungulumwa. Kwa nyengo zazitali adali wansembe yekha pamalopo, wopanda mnzake womulapitsa. Tsiku lina sitima idafika ndi mkulu wa chipani chake, koma chifukwa cha lamulo la zaumoyo woyendetsa sitimayo adakana kuti mkuluyo atsike kapena kuti Damien akwere. Damien adapalasa bwato kufika pafupi ndi sitimayo, naulula machimo ake mofuula m'Chifalansa, anthu ena ali chiimire pamwamba. Munthu amene ankatonthoza mazana a anthu adafunanso womumvera. Inu amene mukudwazika, musachite manyazi kunena kwa abusa, kwa amayi a Mvano kapena kwa anzanu a mu mphakati kuti mwatopa. Mutu umodzi susenza denga.

Chakumapeto kwa chaka cha 1884 Damien adaviika phazi m'madzi otentha kwambiri. Khungu lidatuluka matuza, koma iye sadamve kupweteka. Adadziŵa tanthauzo lake, pakuti adali ataona dzanzi lotere mwa anthu ambirimbiri. Madokotala adatsimikiza kuti lidali khate. Pamenepo padabwera chiyeso china. Masiku amenewo ena, ngakhale madokotala, ankakhulupirira molakwa kuti khate limayamba ndi chindoko, choncho padamveka manong'onong'o akuti wansembeyo adatenga nthendayo chifukwa cha khalidwe loipa. Funso limeneli ndi lakale. Mu Yohane mutu 9 ophunzira adafunsa Yesu za munthu wobadwa wakhungu, kuti adachimwa ndani pakati pa iye ndi makolo ake, ndipo Yesu adakana zonse ziŵiri. Abwenzi a Yobu nawonso adachita bwino masiku asanu ndi aŵiri oyamba pamene adakhala naye pansi osalankhula. Adayamba kulakwa pamene adatsegula pakamwa kuti amufotokozere chifukwa chimene akuvutikira. Ife amene tidaona zaka zoŵaŵa za Edzi, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa ulere m'dziko muno mu 2004, tikudziŵa bwino kuti lilime la wozonda matenda likhoza kupweteka kuposa nthendayo.

Taonani tsono m'mene Damien adakhalira atadwala. Sadakane mankhwala. Mu 1886 adapita ku Honolulu kukayesa chithandizo cha dokotala wa ku Japan, Masanao Goto, cha kusamba m'madzi otentha osakaniza ndi mankhwala. Chidamupatsa mpumulo kwa kanthaŵi, koma sichidamuchize. Sadasiyenso ntchito, adafulumira nayo podziŵa kuti masiku ake atsala oŵerengeka, ndipo adapitiriza kumanga nkhope itatupa kale. Chovuta kwa munthu wa mtima wake chidali kulola kuti ena amuthandize. Mu 1886 kudafika Joseph Dutton, amene kale adali msilikali ku America, ndipo iyeyu adakhala pamalopo zaka zoposa 40. Mu Novembala 1888 kudafika Mayi Marianne Cope ndi masisitere anzake aŵiri. Damien adagona pa mphasa chakumapeto kwa Malichi 1889, namwalira pa 15 Epulo, Lolemba la Sabata Loyera, ali ndi zaka 49.

Kodi adali munthu wopanda chilema? Iyayi. Adali wouma mutu ndi wopsa mtima msanga, ndipo ankakangana ndi akuluakulu a boma ndi a mpingo wake womwe. Atamwalira, mbusa wina wa ku Honolulu, Charles Hyde, adalemba kalata yomunyoza kuti adali munthu wauve ndi wosamva za ena. Mlembi wotchuka Robert Louis Stevenson, amene adakachezera Molokai Damien atangomwalira kumene, adayankha m'kalata yapoyera mu 1890. Sadabise zofooka za wansembeyo, koma adakumbutsa mbusayo kuti Damien adapita kumene iye sadapite.

Pa nkhani ya ukhondo pokha, ine ndikuona kuti odzudzulawo adali ndi mfundo. Damien sankasamala kwenikweni za kusamba m'manja, ndipo kaliwo wake ankasuta ndi odwala. Mayi Marianne adachita mosiyana. Adawakonda odwalawo chimodzimodzi, koma adaika lamulo la kusamba m'manja ndi kusamalira malo, ndipo adatumikira kumeneko kufikira imfa yake mu 1918 osatenga khate. Tisamayese kuti kusamba m'manja ndi sopo, kutsegula mazenera m'chipinda cha wodwala chifuwa chachikulu kapena kuvala magolovesi potsuka zilonda ndi kuchepa kwa chikhulupiriro. Wodwazika akadwala, wodwala uja amatsala ndi yani?

M'chaka chomwe Damien adafika ku Molokai, 1873, dokotala wa ku Bergen m'dziko la Norway, Gerhard Armauer Hansen, adaona kachilombo koyambitsa khate. Mankhwala enieni adachedwa. Adayamba kupezeka m'zaka za m'ma 1940, ndipo mu 1981 Bungwe la Zaumoyo pa Dziko Lonse lidavomereza njira yophatikiza mankhwala angapo imene imachiza khate m'miyezi 6 kapena 12. Lero tikudziŵa kuti anthu ochuluka kwambiri, pafupifupi 95 mwa 100 alionse, satenga nthendayi ngakhale akhale pafupi ndi wodwala, ndiponso kuti amene wayamba kumwa mankhwala amaleka kupatsira ena. Kuno kwathu mipingo idatsegula malo osamalira akhate monga ku Mua, ku Utale ndi ku Malamulo, ndipo pambuyo pake bungwe la LEPRA lidayenda m'midzi kufunafuna odwala. Khate lidachepa kwambiri koma silidatheretu. Mukaona chigamba choyererako pakhungu chimene sichimva mukachikhudza, pitani ku chipatala msanga, zala zisanayambe kupindika. Mankhwala ake ndi aulere.

Damien adaikidwa pansi pa mtengo womwe uja adagonapo masiku oyamba. Mu 1936 boma la Belgium lidatenga thupi lake kupita nalo ku Leuven, ndipo odwala a ku Kalaupapa adadandaula kwambiri. Mu 1995 mafupa a dzanja lake lamanja adabwezedwa ku manda akale aja, ndipo pa 11 Okutobala 2009 Papa Benedict XVI adamutchula kukhala woyera. Pamene lamulo la kupatula odwala lidathetsedwa mu 1969, anthu amene adatsala ku Kalaupapa adapatsidwa ufulu wochoka, koma ambiri adasankha kukhala komweko, pafupi ndi manda a anzawo.

 Odwala nonse, mugone bwino.