NKHULI YA MADZULO KWA MUNTHU WODYA ZAZIWISI

Mau awa anaulutsidwa pa wailesi m'nthawi ya alimi, ndipo tawasindikiza pano kuti mafumu awawerengere anthu ao pabwalo.

Lero tikambe za nkhuli imene imamgwira munthu madzulo pamene tsiku lonse wadya zaziwisi zokhazokha. Ambiri a inu mukuidziwa nkhuli imeneyi. M'nyengo ya kupalira ndi kubandira munthu amalawirira kumunda, nadya mango, nkhaka kapena chinangwa chosaphika, ndipo mimba imadzala ndithu. Koma dzuwa likapendeka mtima wache wonse uli pa nsima ndi ndiwo zamchere, ndipo fungo la usipa wokazinga kwa mnansi limamsowetsa mtendere.

Palinso anthu ena amene amasankha dala kudya zaziwisi zokha, usana ndi madzulo omwe. Mwambo umenewu unakula ku Ulaya. Cha m'ma 1900 dotolo wina wa ku Zurich, m'dziko la Switzerland, dzina lache Maximilian Bircher-Benner, anali kudyetsa odwala ache zipatso, masamba ndi mtedza zosapita pamoto. Otsata mwambowu masiku ano amapezeka makamaka ku Ulaya ndi ku America, ndipo lamulo la ambiri a iwo ndi lakuti chakudya chisatenthe kupitirira madigiri 48, ndiko kunena kuti chingofunda chabe. Mbiri yache imafika kuno pa mafoni, ndipo mwina mwana wanu wochokera ku tauni adzakuuzani kuti waleka zophika pofuna kuchepetsa thupi. Iyeyo ndi mlimi uja ali ndi mlandu umodzi, ndiwo wa madzulo.

Chimene tifuna kuti mumvetse ndi ichi: nkhuli imeneyi si kususuka iai, ndiponso si kufooka mtima. Ndi thupi limene likunena zimene zaliperewera usana. Mukadziwa chimene likupempha, mudzatha kuliyankha bwino.

THUPI LIKUPEMPHA CHIANI?

Choyamba likupempha mphamvu. Zipatso ndi masamba ziri ndi madzi ambiri, ndipo zimadzaza mimba msanga zisanapereke mphamvu yokwanira. Mphamvu imene iri m'magalamu 100 a mtedza wouma, ndiwo manja atatu kapena anai, kuti muipeze m'mango muyenera kudya pafupifupi kilogalamu yathunthu ya mnofu wache, ndipo m'nkhaka pafupifupi makilogalamu anai. Ndani angathe kudya nkhaka zotere? Chinanso, moto umamasula chakudya kuti matumbo achigaye bwino. Ufa wa chimanga ukapsya umafewa, ndipo thupi limatengamo mphamvu zambiri kuposa ukakhala wauwisi. Akatswiri a ku Belgium anayesa dzira m'chaka cha 1998, napeza kuti pa magawo 100 a chakudya chomanga thupi chimene chiri m'dzira, matumbo amatenga magawo 91 likaphikidwa, koma 51 okha likamwedwa laliwisi. Tsono munthu akhoza kudya tsiku lonse, nafika madzulo ali ndi ngongole ya mphamvu.

Chachiwiri likupempha mchere. Zipatso ziribe mchere wokwanira, ndipo munthu wogwira khasu padzuwa amataya mchere m'thukuta. Ndicho chifukwa chache madzulo safunanso zotsekemera, afuna za m'mphika.

Chachitatu likupempha kukoma kuja kwa msuzi, kumene si kutsekemera, si kuwawasa, si kuwawa, ndiponso si mchere. M'chaka cha 1908 mphunzitsi wina wa ku Tokyo, Kikunae Ikeda, anapeza chinthu chimene chimapatsa msuzi kukoma kumeneku, natcha kukomako umami m'chinenero cha kwao. Chimapezeka kwambiri mu nsomba zouma, mu nyama yophika, m'bowa ndi m'matimati akupsya. Mango ndi nkhaka ziribe kukoma kotere, chotero lilime limakhala likudikirabe.

Chachinai ndi nthawi. Thupi liri ndi koloko yacheyache. M'chaka cha 2013 akatswiri a ku Boston, ku America, anafalitsa zimene anapeza atasunga anthu 12 kwa masiku 13 m'zipinda zosaoneka dzuwa, nawadyetsa mofanana nthawi zonse. Njala yao inali kuchepa cha m'ma 8 koloko m'mawa, nikula koposa cha m'ma 8 koloko madzulo, makamaka njala ya zamchere, zokhutitsa, zotsekemera ndi nyama. Onjezanipo kuti madzulo kumazizira, ndi kuti kuyambira ubwana tinazolowera kusonkhana pa nsima yotentha kukada. Mukaphatikiza zonsezi mudzaona kuti nkhuli ya madzulo si chinthu chodabwitsa konse.

MUNGACHITE BWANJI?

Nkhuli ya madzulo imagonjetsedwa m'mawa ndi masana. Musayambe tsiku ndi zipatso zamadzi zokha. Idyani zamafuta pamodzi nazo: mtedza, mapeyala, chitowe, nthanga za maungu kapena za mpendadzuwa. Popita kumunda tengani mtedza m'kathumba, mudye cha m'ma 10 koloko ndiponso dzuwa likapendeka, njala isanakule. Munthu wofika pakhomo ali ndi njala yolusa saganiza bwino.

Madzulo musadyenso zotsekemera poganiza kuti nkhuli itha; siitha. Konzani chinthu chonga ndiwo. Dulani matimati akupsya bwino, anyezi ndi kabichi, finyiranipo ndimu, thiranipo tsabola ndi kamchere, ndipo pamwamba pache muwazepo mtedza wosinja. Peyala lophwanya pamodzi ndi matimati ndi mchere limakhutitsa ngati ndiwo zotendera. Nyengo imene matimati achuluka, aduleni, muwayanike padzuwa pa thandala loyera, mutawaphimba ndi kansalu kuti nchenche zisaterepo. Akauma kukoma kwao kwa msuzi kumakula kwambiri, ndipo pang'ono pokha pamakometsa mbale yonse.

Pa mchere musapyole muyeso. Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku, ndiyo sipuni imodzi yaing'ono ya tiyi yosadzala, kuwerengera zakudya zonse. Mchere wambiri umakweza kuthamanga kwa magazi. Gulani mchere wa ayodini, umene umaletsa chithokomiro.

Ngati chimene mukusowa ndi kufunda, imwani madzi otentha ofinyiramo ndimu. Ndipo musadzipatule. Sambani m'manja, mukhale pamphasa pamodzi ndi banja lanu, mudye chanucho m'mbale pa nthawi imene anzanu akudya. Gawo lina la nkhuli ndi kufuna kukhala pa anthu, ndipo wodyera kuseri amaimva koposa.

ZIMENE SIZIDYEDWA ZAZIWISI

Apa tcherani khutu, pakuti pali moyo. Nyemba zosaphika ziri ndi ululu. Nyemba zofiira zinai kapena zisanu zokha zikhoza kumsanzitsa munthu ndi kumtsegula m'mimba. Kuviika kokha sikuchotsa ululuwo. Ziyenera kubwata kwambiri kwa mphindi zosachepera 10, ndi kuphikidwa kufikira zitafewa. Soya nayenso afunika moto, ndipo za kalongonda mukudziwa kale kuti amaphikidwa nthawi yaitali, madzi ache natayidwa kangapo.

Chinangwa chowawa chiri ndi ululu wakupha. Anthu a ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota amachiviika m'madzi masiku angapo, nachiyanika, asanasinje ufa wa kondowole, ndipo amachita bwino. M'chaka cha 1981 kunagwa chilala m'chigawo cha Nampula, ku Mozambique, ndipo anthu anadya chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira. Oposa 1,000 anapuwala miyendo, ambiri a iwo amai ndi ana, ndipo kupuwala kumeneku sikuchira. Chinangwa chikawawa pakamwa, lavulani.

Nyama, nsomba, mazira, mkaka wosawiritsa ndi bowa wa kuthengo zonse zipite pamoto. Nkhumba yosapsya imabweretsa njoka za m'mimba, ndipo mkaka wosawiritsa ukhoza kupatsira chifuwa chachikulu cha ng'ombe. Mtedza wa chuku, wofota kapena wowawa utayeni. Ululu wa chuku umaononga chiwindi, ndipo ngakhale moto suuchotsa. Zonse zimene mudya zosaphika muzitsuke ndi madzi otetezedwa. Kumbukirani kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno.

NTHAWI YOMVERA NKHULI

Pali nthawi imene nkhuli iyenera kumveredwa, osati kugonjetsedwa. Ku Giessen, m'dziko la Germany, akatswiri anafufuza anthu oposa 500 amene anadya zaziwisi kwa zaka, nafalitsa zotsatira zache m'chaka cha 1999. Amuna anali atataya pafupifupi makilogalamu 10, akazi 12, ndipo mwa akazi osafika zaka 45, pafupifupi atatu mwa khumi alionse msambo wao unali utaleka kapena kudukiza. Akatswiriwo anagamula kuti kudya zaziwisi zokhazokha kwa nthawi yaitali si chinthu cholangiza munthu. Ndipo anthu amenewo sanali olima ndi khasu monga inu.

Chotero mukaona kuti zobvala zikukhwepa, mukumva chizungulire kapena kuzizidwa, nchito ya kumunda ikukulakani, kapena mai waleka kusamba pamene alibe pakati, kolezani moto. Ana, amai apakati, oyamwitsa, okalamba ndi odwala asayese konse mwambo umenewu. Wodwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi asaleke mankhwala ache, ndipo asasinthe kadyedwe asanakafunse ku chipatala. Akulu anati safunsa anadya phula.

Sitikunyoza zaziwisi iai. Gwafa, mango, malambe, masau ndi matimati zimapatsa thupi vitamini C, amene amaonongeka ndiwo zikabwata nthawi yaitali kapena zikathiridwa chidulo chambiri. Koma kwa mlimi njira yabwino ndi kuphatikiza: zipatso ndi mtedza usana, nsima ya mgaiwa ndi ndiwo zophika madzulo, ndi kambale ka matimati ndi kabichi zosaphika pambali. Alangizi amaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndiwo zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta, ndipo atatu oyambawo nthawi zambiri amafuna mphika.

KWA INU MAFUMU NDI NYAKWAWA

Mudzi ndi wanu, ndipo anthu amamvera inu. M'miyezi ya njala, kuyambira Disembala kufikira Malichi, yang'anani makomo amene utsi sufuka madzulo. Mwana amene wadya mango tsiku lonse nalirira nsima usiku asamenyedwe ngati wosusuka. Thupi lache likunena zoona. Banja lotere lithandizeni, ndipo mudziwitse mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu mwanayo asanatupe. Musalole kuti chinangwa chowawa chibvuulidwe masiku ache asanakwane chifukwa cha njala. Ndipo wina akabwera m'mudzi mwanu ndi chiphunzitso chakuti moto umapha chakudya chonse, mlandireni mwaulemu, koma mumuitanire mlangizi kuti anthu amve mbali zonse ziwiri pabwalo.