Kodi Nkoyenera Kuika Siling'i m'Galaja Yolumikiza ku Nyumba?

Nkhani yathu lero ikuchokera ku Malindi m'boma la Mangochi, kugombe la kum'mawa kwa Nyanja ya Malawi, kumene kuli mishoni ya Anglican ndi chipatala cha St Martin's. Kumeneko, monganso m'madera ena, ena akamanga nyumba ya malata amalumikizako galaja yosungiramo galimoto, injini ya boti, kapena maukonde. Tsono funso nali: kodi munthu aononge ndalama zake poika siling'i m'galajamo?

Kumaiko ozizira monga ku Britain, cholinga chimakhala kusunga kufunda m'nyumba. Kunyanja kuno vuto lili pawiri. M'miyezi ya Juni ndi Julaye mphepo ya mwera imazizira usiku, pomwe mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 35 masiku ena.

Choyamba tidziwe ichi: kutentha kumachoka pamalo otentha kupita pamalo ozizira. Malata ndi opyapyala, ndipo satchinga kutentha konse. Masana amawotcha a m'nyumba ngati chiwaya, usiku nkutaya kufunda konse msanga. Siling'i amatsekera mpweya pakati pa denga ndi chipinda, ndipo mpweya umenewo ndiwo umachedwetsa kutentha.

Nanga galaja? M'galaja simugona munthu. Galimoto silimva chisanu, maukonde sachita thukuta. Chimene chimakhudza banja ndi khoma limodzi lokha lolekanitsa galaja ndi nyumba. Choncho ngati ndalama zili zochepa, zigwiritseni ntchito motere.

Yambani ndi siling'i m'zipinda zogona, makamaka cha ana ndi cha okalamba. Mabolodi akadula, bango, nsungwi kapena mphasa zimathandiza ndithu, malinga muzisamala ndi chiswe, makoswe ndi mileme.

Kenaka kwezani khoma la pakatilo mpaka likagunde malata. Amisiri ena amalisiya lalifupi, ndipo mpweya wotentha wa m'galaja umadutsa pamwamba kulowa m'nyumba. Choopsa koposa nchakuti pampata womwewo pamadutsanso utsi wa injini, umene uli ndi mpweya wakupha wosaoneka ndi wosanunkha. Musalize injini m'galaja yotseka, ndipo petulo asakhale pafupi ndi mbaula.

Chachitatu, siyani mazenera kapena timabowo m'mwamba mwa makoma a kunja a galaja kuti mpweya wotentha uzituluka. Kupaka malata utoto woyera kumachepetsanso kutentha, pakuti choyera chimabweza dzuwa.

Amene simunayambe kumanga, ganizirani bwino mbali yoikako galaja. Ku Malindi dzuwa limalowera kunyanja, ndipo dzuwa la madzulo ndilo limatenthetsa makoma kwambiri. Galaja ikakhala kumadzulo imatchinjiriza nyumba ngati mthunzi wa mtengo, koma samalani kuti isatseke kamphepo kochokera kunyanja.

Siling'i wa m'galaja amapindula pokhapokha ngati mwaisandutsa chipinda chogona, sitolo, kapena malo osokera zovala, pamene munthu amakhala tsiku lonse. Ngati ndi mosungira katundu chabe, ndalama zanu zipite kaye kumene ana anu amagona.