Zaka ziwiri za kafukufuku pa pepala limodzi: mpikisano wa maposita si masewera

Wophunzira digiri ya masitazi amatha zaka ziwiri akufufuza nkhani imodzi. Wa PhD amatha zitatu, zinayi, ena mpaka zisanu. Amagona mochedwa, amayenda m'midzi kufunsa anthu mafunso, amakhala mu labu mpaka msana kuwawa. Pamapeto pake pamatuluka chibuku chonenepa cha masamba mazanamazana.

Ndiye funso n'lakuti: chibukucho amachiwerenga ndi anthu angati? Mphunzitsi amene ankamuyang'anira, oyesa awiri kapena atatu, basi. Kenako chimakagona pashelefu mu laibulale, fumbi n'kumachiphimba. Mlimi wa ku Mchinji amene anapereka munda wake kuti ayeserepo mbewu sadzamva zomwe anapeza. Ngakhale amayi ake a wophunzirayo amangodziwa kuti mwana wawo "ali ku sukulu ya ukachenjede".

Mpikisano wa maposita a kafukufuku, umene mayunivesite ambiri amakonzera ophunzira a masitazi ndi PhD, unabwera kudzalimbana ndi vuto limeneli.

Umayenda bwanji?

Posita ya kafukufuku ndi chipepala chachikulu, nthawi zambiri cha saizi ya A0, kutanthauza masentimita pafupifupi 84 mbali ina ndi 119 mbali inayo. Pamenepo wophunzira amayenera kuikapo zonse: funso limene ankafufuza, njira imene anatsata, zomwe anapeza, komanso phindu lake.

Tsiku la mpikisano, maposita amakhomedwa pamabolodi mu holo. Aliyense amaima pambali pa yake. Anthu amazungulira ngati ali pamsika, kuima pamene pawakopa, kudutsa pamene pawagwetsa ulesi. Majaji nawo amazungulira ndi mapepala awo operekera malikisi. Akafika pa iwe, uli ndi mphindi zochepa zoti ufotokoze, kenako mafunso amayamba.

Chimene chimavutitsa ambiri n'chakuti jaji kapena mlendo amene waima pamaso pako sakhala katswiri wa phunziro lako nthawi zonse. Iwe ukufufuza za tizilombo ta m'nthaka, iye ndi wa zamalamulo. Sungabisale kumbuyo kwa mawu akuluakulu a Chingerezi. Akakufunsa kuti "ndiye zimenezi zithandiza ndani?" pamafunika yankho lomveka, osati kukanda m'mutu.

Ku Britain amakayala pamaso pa aphungu

Kuti muone kuti anzathu nkhaniyi saitenga mwachibwana, taonani mpikisano wa STEM for Britain. Unayambitsidwa mu 1997 ndi Dr Eric Wharton, ndipo umachitikira ku Nyumba ya Malamulo ku Westminster, mumzinda wa London. Achinyamata amene angoyamba kumene ntchito ya kafukufuku, kuphatikizapo ophunzira PhD, amatumiza chidule cha ntchito yawo. Osankhidwa amanyamula maposita awo kukawaonetsa kwa aphungu.

Amapikisana m'magulu a uinjiniya, masamu, physics, chemistry ndi sayansi ya zamoyo ndi zachipatala. M'gulu lililonse muli mendulo ya golide, siliva ndi buronzi. Palinso Westminster Medal, yokumbukira Wharton, imene imapita kwa amene wapambana pa luso lofotokozera sayansi yake momveka.

Nzeru yake ndi yosavuta. Aphungu ndi amene amavomereza bajeti ndi kupanga malamulo, koma ambiri mwa iwo si asayansi. Wofufuza akalephera kumveketsa ntchito yake kwa phungu, asadabwe ndalama za kafukufuku zikamachepa.

Ku Australia nako, University of Queensland inayambitsa mu 2008 mpikisano wa pachibale ndi umenewu, wotchedwa Three Minute Thesis. Wophunzira amapatsidwa mphindi zitatu ndi chithunzi chimodzi chosasuntha kuti afotokoze kafukufuku wake yense. Ukapitirira mphindi zitatu, wagwa. Lero mpikisanowu unafalikira m'mayunivesite a m'mayiko ambiri.

Matenda a posita: khoma la mawu

Cholakwika chimene chimabwerezedwa kulikonse n'chimodzi. Wophunzira amatenga chibuku chake chonse n'kuchipanikiza pa pepala limodzi. Timalemba ting'onoting'ono ngati nyerere, matebulo khumi, mutu wautali mizere itatu. Munthu akaima patali saona kanthu, akayandikira amatopa asanafike pakati.

N'zomveka ndithu. Munthu wakhetsa thukuta zaka ziwiri, ndiye chiganizo chilichonse amachiona ngati mwana wake. Enanso amaopa kuti akalemba mosavuta, maprofesa aziti sanazame. Koma zotsatira zake n'zakuti holo imadzaza ndi maposita amene palibe akuwawerenga.

Mu 2019, Mike Morrison, amene panthawiyo ankachita PhD ku Michigan State University ku America, anaika kanema pa YouTube wotsutsa kalembedwe kameneka. Maganizo ake anali akuti pakati pa posita pakhale chiganizo chimodzi chachikulu, cholembedwa m'mawu wamba, chonena chimene wapeza. Njira ndi manambala zikhale m'mbali, kwa amene akufuna kuzama. Pansi pakhale QR code yoti munthu ajambule ndi foni n'kukawerenga lipoti lonse kunyumba. Kalembedweka kanatchuka ndi dzina lakuti Better Poster. Ena anakakonda, ena anati kakuwononga malo amene pakanakhala zithunzi ndi manambala. Koma mfundo yake yaikulu inakhazikika: yamba ndi yankho, osati mawu oyamba.

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi pafoni mukuzidziwa bwino zimenezi. Mukamaseweretsa chala pa Facebook kapena TikTok, chinthu chimakhala ndi masekondi owerengeka kuti chikuimitseni. Munthu woyenda mu holo ya maposita amachitanso chimodzimodzi, kungoti iye akugwiritsa ntchito miyendo.

Tiyese ndi kafukufuku wa kwathu

Mu 2018, ofufuza anayamba kuyesa katemera watsopano wa taifodi ku Ndirande ndi ku Zingwangwa mumzinda wa Blantyre. Ana oposa 28,000, a miyezi 9 mpaka zaka 12, anatenga nawo mbali. Theka analandira katemera wa taifodi, theka linalo katemera wa matenda ena kuti pakhale pofananizira. Zotsatira zinatuluka mu 2021 m'magazini ya madokotala ya New England Journal of Medicine, ndipo mu 2023 dziko la Malawi linayamba kupereka katemerayu kwa ana m'dziko lonse.

Tiyerekeze kuti ntchito imeneyi ili pa maposita awiri. Yoyamba ili ndi mutu wautali wotchula mtundu wa kafukufuku, dzina la sayansi la kachilomboka ndi njira yowerengera manambala. Yachiwiri yalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu: "Jakisoni mmodzi wachepetsa taifodi pakati pa ana ndi pafupifupi 80 peresenti." Pansi pake pali chithunzi chimodzi chofananiza magulu awiri aja.

Nduna, mtolankhani kapena mayi wa ku Ndirande aima pa iti? Sayansi yake ndi imodzimodzi, palibe chimene chabisidwa. Kusiyana kwake n'kwakuti yachiwiriyo yalemekeza nthawi ya wowerenga.

Koma si kungokometsera chabe?

Pali nkhawa ina yoyenera kuimvera. Ena amati mipikisano yotere imapatsa mphoto anthu olankhula bwino ndi odziwa kukongoletsa zinthu pa kompyuta, pamene wofufuza wakhama koma wamanyazi amabwerera chimanjamanja. Palinso nkhani ya ndalama. Kusindikiza pepala la A0 la mitundumitundu si zotchipa kwa wophunzira amene akudzilipirira yekha fizi, ndipo kulinyamula mu minibasi osalikwinya ndi ntchito ina payokha.

Nkhawayi ndi yoona, koma mankhwala ake alipo. Majaji abwino amapereka malikisi pa kulimba kwa kafukufuku ndi mayankho a mafunso, osati utoto wokha. Posita yonyezimira yopanda mutu weniweni imagwa pa funso lachiwiri. Pa nkhani ya mtengo, yunivesite ikhoza kulipira kusindikiza, kapena kulola maposita oonetsa pa sikirini, amene pambuyo pake angathe kugawidwa pa WhatsApp.

Chinanso, kufotokoza mosavuta si kupeputsa nkhani. Munthu amene sangathe kunena m'ziganizo ziwiri chimene wapeza, nthawi zambiri ndiye kuti naye sanachigwire bwinobwino.

Nanga Chichewa chili pati?

Kuno kwathu maposita si achilendo. Amaoneka pa misonkhano yofalitsa zotsatira za kafukufuku, monga imene imachitika ku KUHeS, ndipo ophunzira a ku UNIMA, LUANAR, MUBAS, MZUNI ndi MUST amakumana nawo akapita kumisonkhano ya kunja. Koma pafupifupi onse amakhala m'Chingerezi chokhachokha.

Taganizani. Mafunso a kafukufuku anafunsidwa m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao. Agogo anasiya khasu kuti ayankhe. Mfumu inapereka chilolezo. Koma mayankho akabwera, amabwera m'chilankhulo chimene eni nkhani sachimva. Zili ngati kubwereka mphika kwa mnansi, n'kuphika ndiwo, osamulawitsako.

Bwanji mipikisano ya m'mayunivesite athu osaika lamulo lakuti chiganizo chachikulu chija chilembedwenso m'chilankhulo cha anthu amene anafunsidwa? Bwanji pagulu la majaji osakhalapo mlangizi wa zaulimi, namwino, mphunzitsi wa ku pulayimale kapena khansala? Ndipo ngati ku Westminster zimatheka, chingaletse n'chiyani kuti tsiku lina maposita opambana akakhomedwe pakhonde la Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe?

Ngati mukukonzekera kulowa nawo

Musanatsegule PowerPoint kapena Canva, lembani papepala chiganizo chimodzi chonena chimene mwapeza. Kenako chiwerengereni mnzanu amene sachita phunziro lanu. Akayankha kuti "aa, ndiye kuti chani?" bwererani mukalembenso.

Sankhani chithunzi chimodzi kapena ziwiri zonyamula nkhani yonse. Zilembo zikhale zoti munthu awerenge ataima patali pang'ono. Siyani malo opanda kanthu kuti maso apume. Konzani mafotokozedwe awiri, a theka la mphindi kwa wodutsa, ndi a mphindi zitatu kwa amene waima. Funso likakukanikani, nenani chilungamo kuti mbali imeneyo simunaifufuze. Majaji amazindikira msanga munthu wopeka mayankho.

Ndipo musamangoyang'ana mphoto. Pa holo yonse opambana amakhala ochepa, koma amene waima pa posita yanu akhoza kukhala mphunzitsi amene akufuna wophunzira wa PhD, kapena mkulu wa bungwe limene likusowa munthu wodziwa zimene inu mukudziwa. Ikani imelo yanu poonekera, ndipo musachoke pambali pa posita yanu nthawi ya majaji isanathe.